Kuteteza njinga ndi sikuta kwa akuba ku Britain: zochita kuyambira tsiku logula

Munthu akangofika ku London, Manchester kapena Leeds sachedwa kugula njinga. Mabasi ndi sitima zimadya ndalama, shifiti ya kunyumba zosamalira okalamba imatha nthawi imene mabasi achepa, ndipo kwa amene amaperekera zakudya za Deliveroo kapena Uber Eats njingayo ndiye khasu lake. Koma njinga yoyamba kawirikawiri imapita ndi mbava, ndipo zifukwa zake n'ziwiri zomwezomwezo: kaloko ka chingwe, ndi nambala ya felemu imene mwini wake sanailembe paliponse.

Kwathu wakuba amaopa kukuwa, chifukwa mawu oti "wakuba!" akangomveka msika wonse umadzuka. Kuno ayi. Mbava imabwera dzuwa likuswa mtengo, itavala chijekete chowala ngati cha anthu okonza msewu, n'kutulutsa galayinda ya batire, makina odulira zitsulo, m'chikwama. Moto umathetheka, phokoso limamveka, odutsa amangoyang'ana pafoni zawo. Palibe loko amene sangadulidwe. Chimene mukugula ndi nthawi, kuti wakubayo aone kuti njinga yanu imuchedwetsa, apite kwina.

Zofunika kukhala nazo

- Loko wachitsulo wooneka ngati chilembo cha D, wokhala ndi chizindikiro cha Sold Secure Gold kapena Diamond. Chitsulo chake chikhale chonenepa mamilimita 16 kapena kuposa, chifukwa chowonda chimadulidwa ndi chodulira zitsulo cha m'manja popanda phokoso.
- Loko wachiwiri wa mtundu wina: tcheni chochindikala, kapena D wamng'ono wa tayala lakutsogolo.
- Manati ndi mabawuti achitetezo a matayala ndi chishalo, monga a Pitlock kapena Hexlox.
- Foni yojambulira, tochi, ndi kansalu kopukutira.
- Mafuta othira m'loko.
- Kwa sikuta ya injini: loko wa pa disiki ya mabuleki, tcheni cholemera, ndi chinsalu chofundika sikuta yonse.

Sold Secure ndi bungwe loyesa maloko, ndipo limawaika m'magulu, kuyambira lotsika mpaka lapamwamba: Bronze, Silver, Gold ndi Diamond. Ogulitsa njinga amakonda kunena kuti pa loko muwononge gawo limodzi mwa magawo 10 a mtengo wa njinga. Pa njinga yotchipa lamuloli limachepa. Njinga ya £150 imene mumapitira kuntchito 5 koloko m'mawa ikufunikabe loko wa Gold, ngakhale atadya gawo lalikulu la mtengo wa njingayo. Pali maloko ena atsopano, monga Litelok X1 ndi Hiplok D1000, amene amadya disiki yodulira ya galayinda mpaka wakuba kuisintha kangapo. Ndi odula kwambiri, koma pa njinga ya batire imene imakudyetsani ndi oyenera.

Tsiku logula

1. Pezani nambala ya felemu musanapereke ndalama. Tembenuzani njinga chadodolido. Nambalayo nthawi zambiri imakhala yodindidwa pansi pa felemu, pamene pamazungulira mapedulo. Ikasowa pamenepo yang'anani pa chitsulo cha kutsogolo pansi pa mahandulo, kapena pamene pamangidwa tayala lakumbuyo. Pukutani matope, walitsani tochi. Samalani: pamalo amenewa pamakhala nambala zingapo, zina ndi za mtundu wa njinga ndipo n'zofanana pa njinga zonse za mtunduwo. Jambulani zonse. Samalaninso 0 ndi O, komanso 8 ndi B. Pakaoneka popala, pofecha kapena popaka penti yatsopano, bwererani osagula.

2. Ngati ndi njinga yogwiritsidwa kale ntchito, ifufuzeni. Lowetsani nambalayo pa BikeChecker, tsamba lofufuzira la BikeRegister, kaundula wa njinga wa pa intaneti. N'kwaulere, ndipo imasonyeza ngati mwini wake anailengeza kuti inabedwa. Njinga zakuba zambiri zimathera pa Facebook Marketplace, Gumtree ndi eBay. Zizindikiro zake sizibisika: mtengo wotsika modabwitsa, wogulitsa wofuna mukumane pakona ya msewu osati pakhomo pake, njinga yaitali kuposa msinkhu wake, njinga ya batire yopanda chaja kapena kiyi wa batire. Apolisi akaipeza njinga yakuba m'manja mwanu amaibweza kwa mwini wake ndipo ndalama zanu zalowa m'madzi. Mukagula mukudziwa kapena mukukhulupirira kuti njakuba, ndi mlandu (ku England ndi Wales, pansi pa lamulo la Theft Act 1968), ndipo munthu wa pa viza safunika mlandu wotere.

3. Lembetsani lisiti. Ngakhale pakapepala wamba: dzina la wogulitsa, tsiku, mtengo, mtundu ndi nambala ya felemu, onse awiri musayine. Ngakhale wogulitsayo ndi wakwanu wa ku tchalitchi, lembani. Kulipira kudzera kubanki kumasiya umboni, ndalama za m'manja sizisiya.

4. Jambulani ndi kulembetsa madzulo omwewo. Zithunzi zikhale za mbali zonse ziwiri, za nambala, za zipsera ndi zokalika zimene zili pa njinga yanu yokha, ndi chimodzi inuyo mutaima nayo. Zitumizeni ku imelo yanu, chifukwa foni nayo imabedwa. Kenako lembetsani njinga pa BikeRegister. Kulembetsa n'kwaulere, ndipo apolisi amayang'ana m'kaundula ameneyu akagwira njinga zakuba. Apolisi a m'madera, makhonsolo ndi mayunivesite amakhalanso ndi masiku odinda njinga kwaulere, pamene amamata chizindikiro chosachoka pa felemu. Lembaninso nambala ya makiyi a loko wanu, ndipo kiyi mmodzi musiyeni kunyumba.

5. Chotsani zotsegula ndi dzanja. Matayala ndi chishalo cha njinga zambiri zili ndi kachogwirira kamene ukangokakoka tayala lachoka, popanda sipanala. Ikani manati achitetezo m'malo mwake. Ntchito ya mphindi 15.

Kukiya panjira

Apa ndi pamene anthu ogula loko wabwino amaberedwabe.

6. Yambani mwayesa chimene mukumangirirapo. Chabwino koposa ndi chitsulo chopindika ngati chilembo cha n, chozikidwa m'simenti, chimene amachitcha Sheffield stand. Chigwedezeni. Yang'anani mabawuti a pansi ngati ndi omasuka. Mukaona tepi kapena chomata chokulunga chitsulocho, kandani ndi chala: akuba amadula chitsulo usiku, n'kubisa podulapo ndi tepi, kuti mawa angokankha n'kusolola loko wanu ali wokiya. Mzati wa chikwangwani cha msewu ndi wabwino pokhapokha ngati ndi wautali ndipo chikwangwani chake n'chachikulu, apo ayi amanyamula njinga n'kuitulutsira pamwamba. Kamtengo, mpanda wa waya, paipi ya madzi a padenga ndi mpanda wa matabwa zonsezi n'zofewa kuposa loko wanu, wakuba amadula izozo. Mipanda yachitsulo ya nyumba za eni nayo ili ndi vuto lake: pena pali chikwangwani chochenjeza kuti njinga zomangidwa pamenepo zichotsedwa, ndipo amazichotsadi.

7. Loko wamkulu agwire zinthu zitatu: felemu, tayala lakumbuyo ndi chitsulo chomangirirapo. Imikani njinga mogundana ndi chitsulocho. Lowetsani loko kuti azungulire chitsulo cha felemu chotsika kuchokera pa chishalo, adutse m'kati mwa limu ya tayala lakumbuyo, atsekere kuseri kwa chomangirirapo. Tayala lakumbuyo ndi limene lili ndi magiya, ndipo pa njinga zambiri za batire motala ili momwemo, choncho ndilo lodula. Mukakiya tayala lakutsogolo lokha mudzapeza tayala lokhalo likukudikirani. Mukakiya pa kachitsulo kosololoka konyamula chishalo, amangosolola chishalo. Musakiye pa chitsulo chapamwamba cha felemu chokha, chifukwa pamenepo wakuba amanyamula njinga yonse n'kuipotokola kuti loko athyoke, ndipo ngakhale alephere felemu amaisiya itapindika.

8. Musasiye mpata m'kati mwa loko, ndipo asagunde pansi. Mpata ndi umene amalowetsapo jeke wamng'ono kapena chitsulo chokanulira. N'chifukwa chake D wamfupi amaposa wamtali, bola akwanire. Loko kapena tcheni chogona pa simenti chimamenyeka ndi hamala, ndipo chodulira zitsulo amachitsamiritsa pansi n'kuchikhalira ndi thupi lonse. Kwezani loko m'mwamba, pobowola pa kiyi payang'ane pansi, kuti madzi asalowe komanso kuti wofuna kuthiramo guluu avutike.

9. Loko wachiwiri agwire tayala lakutsogolo, felemu ndi chomangirirapo. Maloko awiri a mitundu yosiyana amafuna zida ziwiri kapena nthawi yowirikiza. Chingwe chachitsulo chija chokutidwa pulasitiki chimangothandiza kusunga tayala mukalowa m'shopu. Pachokha si loko, chimaduka ndi kapulayala kolowa m'thumba la buluku, kuphethira kwa diso.

10. Chotsani zochoka. Magetsi, pampu, chikwama, choikira foni. Pa njinga ya batire chotsani batire ndi kawonetsero ka pa mahandulo ngati kamachoka. Batire ndi chiwalo chodula kwambiri, ndipo kaloko kake n'kofooka. Njinga yopanda batire wakuba amaiona ngati katundu wolemera wovuta kugulitsa.

11. Kokani njinga musanachoke. Anthu otopa ndi shifiti ya usiku amakiya loko pa chitsulo n'kuphonya felemu. Zimachitika kuposa mmene mungaganizire.

Za malo: sankhani powala, podutsa anthu, poyang'anizana ndi khomo kapena kamera. Pa siteshoni ya sitima ndi pa yunivesite akuba amadziwa kuti mwini njinga sabwera mpaka madzulo, choncho pamenepo maloko onse awiri agwire ntchito. Mukamakiya pamalo amodzi tsiku ndi tsiku nthawi yofanana, mwawapatsa ndandanda. Muzisinthasintha.

Pali msampha wina wofunika kuudziwa. Mukabwera n'kupeza tayala laphwa, loko wathiridwa guluu, kapena loko wachilendo wakiyidwa pa njinga yanu, musanene kuti ndibwera mawa. Cholinga chake n'chimenecho, kuti njinga igone pamenepo abwere ndi zida usiku. Tayala lakuphwa kankhani njinga mpaka kunyumba. Ngati ndi loko, imbani 101, nambala ya apolisi ya nkhani zosakhala zadzidzidzi, sonyezani umboni kuti njinga njanu, ndipo itanani wokonza maloko tsiku lomwelo.

Oyendetsa zakudya: mphindi ziwiri zokwera kukapereka phukusi pa nyumba ya nsanjika ndi zimene mbava zimadikira. Valani loko m'chiuno kapena mum'mangirire pa felemu pofikira msanga, ndipo kiyani pa khomo lililonse.

Kunyumba

12. Njinga igone m'nyumba ngati n'kotheka. Munda wa kuseri, kashedi ka matabwa, galaja ndi khonde la pansi la nyumba yogawana ndi malo amene wakuba amagwira ntchito mosathamanga. M'nyumba yokhala anthu asanu ndi mmodzi, khomo lakunja silikhala lotseka nthawi zonse. Ngati njinga ikhala m'shedi kapena m'chipinda cha njinga cha pa mafulati, ikiyeni chimodzimodzi ngati ili pamsewu, pa chinthu chozikika. Pali zitsulo zokhomerera pansi kapena pakhoma zomangirirapo tcheni, koma pemphani chilolezo cha landilodi polemba musanabowole, kuopa kudulidwa dipoziti.

13. Funsani ku khonsolo za mabokosi a njinga a mumsewu. M'madera ambiri a London ndi mizinda ina muli timashedi tachitsulo totchedwa Bikehangar, tolowa njinga zisanu ndi imodzi, tolipira pachaka. Mzere wodikira umatalika, choncho lembetsani sabata imene mwalowa m'nyumba. Njinga ikiyidwebe m'katimo.

Kubisa batire m'nyumba kusabweretse tsoka lina. Ozimitsa moto a London Fire Brigade amachenjeza kuti musatchaje batire mukugona, kapena panjira yotulukira pakabuka moto, ndipo mugwiritse ntchito chaja chake chenicheni.

Sikuta ya injini

Apolisi a Metropolitan ku London amaphunzitsa zinthu zitatu: loko, tcheni, chofunda.

14. Kiyani chiwongolero ndipo ikani loko pa disiki yakutsogolo. Loko wa chiwongolero yekha ndi wachabechabe, amathyoka ndi kumenya mahandulo mwamphamvu ndi phazi. Loko wa pa disiki amabwera ndi kachingwe kowala kokoleka pa handulo. Kagwiritseni ntchito, chifukwa kunyamuka mutaiwala loko kumagwetsa munthu ndi kuwononga mabuleki.

15. Tcheni chidutse m'tayala lakumbuyo, kapena pa felemu ngati pali podutsa, chimangirire pa chinthu chozikika. Tayala lakutsogolo limamasuka msanga. Tcheni chisagone pansi. Sikuta ya 125cc amuna awiri amainyamula n'kuiponya m'galimoto, kapena mmodzi amaikwera mnzake n'kumaikankha ndi phazi ali pa sikuta ina, choncho sikuta yosamangirira penapake ndi yosakiya.

16. Fundikani. Akuba amayenda akusaka mitundu ina yake imene zipangizo zake zimagulika msanga. Chinsalu chimabisa mtundu, ndipo kuchivundukula kumaonetsa munthu. Chikalata cholembetsera sikuta ku boma, chotchedwa V5C, chisamakhale pansi pa mpando, chisungeni kunyumba. Makiyi asatsale pa sikuta ngakhale mukungopereka phukusi pakhomo.

Kasikuta ka batire koimirira

Musanaganize zokateteza, dziwani kuti kasikuta kanukanu n'kololedwa kugula koma n'koletsedwa kuyenda nako pamsewu, m'njira ya oyenda pansi ndi m'njira ya njinga. Kamaloledwa pamalo a munthu, mwini malo atavomera. Tololedwa mumsewu ndi tobwereka m'mizinda imene ili ndi ndondomeko yake. Apolisi akhoza kukulandani, kukulipiritsani £300 ndi kukuikirani mapointi 6 achilango pa laisensi chifukwa chosowa inshuwalansi, ndipo mafomu a viza amafunsa za milandu ya pamsewu. Kuyambira mu December 2021 n'koletsedwanso kulowa nako mu sitima ndi mabasi a Transport for London. Kukiya kwake n'kovuta: loko adutse pamene pali bowo lotsekeka pa thupi lake, osati pa mtengo wa mahandulo, chifukwa mabawuti ochepa akamasuka loko amasololoka.

Njinga ya batire nayo ili ndi malire: motala isapose mawati 250, ndipo isiye kuthandiza pa liwiro la mamailosi 15.5 pa ola. Yoposa apo lamulo limaiona ngati njinga yamoto.

Inshuwalansi ndi zolondolera

Safunsa anadya phula. Musanalipire funsani mafunso anayi: akufuna loko wa gulu liti, njinga ingakhale panja maola angati, imaloledwa kugona kuti, ndipo kodi ntchito yoperekera zakudya ikuphatikizidwa. Mainshuwalansi ambiri wamba saphatikiza ntchito imeneyi, ndipo wa sikuta ya injini amafunika inshuwalansi ya hire and reward, ya onyamula katundu molipidwa. Inshuwalansi ya katundu wa m'nyumba nthawi zambiri siteteza njinga ikakhala kunja pokhapokha mutawonjezera. Sungani lisiti la loko ndi makiyi ake onse, adzazifuna.

AirTag, kachipangizo ka Apple kolondolera katundu, imathandiza ikabisidwa pa njinga, koma inapangidwa kuti izichenjeza munthu amene ikuyenda naye, choncho imalira ndipo foni ya wakuba imamuuza. Pansi pa chishalo ndi poyamba kuyang'ana. Zolondolera za GPS zolipira pamwezi n'zimene zimayenera sikuta ya injini.

Ikabedwa

17. Ngati kubako kukuchitika mukuona, imbani 999, nambala ya zadzidzidzi. Musalimbane ndi munthu wogwira galayinda. Jambulani muli patali.

18. Ngati mwapeza itapita, jambulani malowo ndi zidutswa za loko, ndipo zitoleni. Nenani kupolisi pa 101 kapena pa webusaiti ya apolisi a dera lanu. Pa siteshoni ya sitima nkhani ndi ya British Transport Police, tumizani uthenga ku 61016. Perekani nambala ya felemu, zithunzi, ndi nthawi yeniyeni imene munaisiya ndi imene munabwerera. Tengani nambala ya mlandu, popanda iyo a inshuwalansi sakumverani.

19. Yendani m'mashopu oyandikira tsiku lomwelo kufunsa ngati kamera zawo zinaona. Mwina sakupatsani kanemayo, koma apempheni amusunge, ndipo uzani apolisi shopu yake ndi nthawi yake. Makamera ambiri amafufuta zakale pakatha mwezi, ena pasanathe n'komwe.

20. Sinthani pa BikeRegister kuti njinga yabedwa, uzani a inshuwalansi msanga, ndipo muzisaka pa misika ya pa intaneti kwa milungu ingapo, kuphatikizapo mizinda yoyandikana. Mukaiona, jambulani tsambalo ndi dzina la wogulitsa n'kupereka kupolisi pamodzi ndi nambala ya mlandu. Musamuuze wogulitsayo kuti njanu, amachotsa chithunzi nthawi yomweyo. Musapiteko nokha kapena ndi gulu la anyamata, za kugwira wakuba n'kumuthira makofi kuno womangidwa mukhala inu. Kwa sikuta ya injini, a inshuwalansi akakulipirani uzani a DVLA, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto, kuti sikutayo tsopano ili m'manja mwa a inshuwalansiwo.

Zolakwa zofala

Kugula loko wabwino njinga yoyamba itabedwa kale.

Kusiya loko wolemera kunyumba chifukwa ulendo ndi waufupi. Ngati kulemera ndiye vuto, siyani tcheni chokiya pa chitsulo cha kuntchito ngati abwana alola, muziyenda ndi D yekha.

Kuiwala mafuta. Mvula ndi mchere wothira m'misewu nthawi yachisanu zimachititsa dzimbiri m'loko, kiyi amalimba, munthu amakakamiza, kiyi n'kuthyokera momwemo. Thirani timadontho pakatha miyezi ingapo, ndipo lowetsani kiyi mpaka kumapeto musanapotokole.

Kukiya njinga pa njinga ya mnzanu osamangirira pena, kapena kukola mwangozi njinga ya munthu wina m'loko wanu.

Kuika pa Facebook kapena pa WhatsApp chithunzi cha njinga yatsopano nambala ya nyumba ikuoneka, kapena kusiya Strava, pulogalamu ya pafoni yolemba maulendo, ikusonyeza khomo limene ulendo uliwonse umayambira.

Kubwereketsa njinga yogwirira ntchito kwa mnzanu wa m'nyumba popanda kumuonetsa kakiyidwe kake. Ikabedwa ili m'manja mwake ndipo anakiya tayala lokha, a inshuwalansi akhoza kukana kulipira.

Kusanena kupolisi poganiza kuti n'kutaya nthawi. N'zoona kuti njinga zambiri zobedwa sizibwerera. Koma apolisi akathyola galaja n'kupezamo njinga zambirimbiri, zimene zimabwerera kwa eni ake ndi zimene nambala zake zili m'kaundula. Zotsalazo zimagulitsidwa kapena kupatsidwa mabungwe othandiza anthu.